Mphunzitsi Amene Sankatama Mwana Wake

Chaka chilichonse mu Disembala, anthu amene anaphunzitsidwa ndi achimwene anga amachita phwando lowakumbukira, ndipo amanditumizira khadi yondiitana. Ndinapitako kamodzi kokha. Anthu a imvi zawo, madokotala, maloya, ena ochokera ku Kuala Lumpur pa magalimoto onyezimira, ankaimirira mmodzimmodzi n'kumanena kuti pakanapanda Mak Sinsang bwenzi iwo akugulitsa masamba pamsika. Ine ndinangodya nkhuku yanga n'kutuluka anthu asanayambe kuimba. Asa! Munthu amene amamutamayo ndimamudziwa kuposa onsewo kuwaphatikiza pamodzi. Ndinawachapira malaya, ndinawatayipira makalata zaka zoposa makumi awiri, ndinawapukuta dovu atadwala. Anali ndi mwana mmodzi yekha padziko lino lapansi, ndipo anamutaya mwanayo ali moyo, chifukwa cha ulemu. Zimenezo paphwando paja sazinena.

Dzina lawo linali Mak Tuck Onn, Mak pokhala dzina la banja lathu, koma anthu onse a m'tauni yathu ya Ipoh ankangoti Mak Sinsang, kutanthauza aphunzitsi a Mak. Ine ndine Siew Har, mlongo wawo wotsiriza, kunyumba amangoti Ah Har. Anandisiya ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndiye kwa ine anali ngati bambo wachiwiri. Ndife Atchaina, koma tinabadwira konkuno, pafupi ndi migodi ya tini, chitsulo chopangira zitini. Bambo athu ankakhala m'madzi ofika m'chiuno kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mayi ankapeta mchenga m'mbale yamtengo kufunafuna timiyala takuda ta tini. M'nyumba mwathu munalibe buku ngakhale limodzi, kupatula kalendala yosonyeza masiku amwayi ndi atsoka.

Achimwene anali ndi mutu, ndiye ansembe a ku mishoni anawatenga kukawaphunzitsa Chingerezi. Ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira tsiku limene anakhoza mayeso otsiriza pa nambala wani. Mnzawo wa bambo wa kumgodi anabwera thukuta lili kamukamu, akufuula ali panja.

"Mak! Mwana wakoyu adzakutulutsa m'matope!"

Bambo anawawomba achimwene kumbuyo kwa mutu. "Mbuzi iyi? Anzake anatsegula m'mimba tsiku la mayeso, ndiye yangopezerapo mwayi. Wako uja ndiye munthu."

Wa mnzawoyo anali atalephera kachiwiri. Onse anaseka, anamwa tiyi, mlendo n'kumapita wokhutira. Madzulo mayi anapha nkhuku, bambo n'kutenga mwendo kuuika m'mbale ya achimwene, osawayang'ana n'komwe. Umo ndi mmene tinakulira tonse. Mwana wa mnzako umamukweza kumwamba, wako umamupondera pansi anthu akuona, ndipo chikondi chimadzera m'mbale. Palibe ankasokonezeka nazo, chifukwa womvayo nayenso anakulira momwemo.

Anayamba kuphunzitsa mu 1961 pasukulu yathu ya Chitchaina, ndipo anakhalapo zaka makumi atatu ndi zinayi. Ana athu amalowa m'kalasi ya Chingerezi lilime litauma gwa, poti kunyumba n'Chitchaina, pamsika n'Chitchaina. Achimwene sankakonda zongolemba matanthauzo pabolodi. Liwu lililonse ankabwera nalo m'chikwama. Pali liwu lina la Chingerezi lotanthauza kuti chinthu ndi chokwanira, ndipo phunziro la liwu limeneli anthu a paphwando aja amalisimba mpaka lero. Ankalowa ndi chitini cha mkaka, kathumba ka mpunga ndi kamtengo kamodzi ka timitengo timene ife timadyera. Ankathira mpunga mpaka pakati pa chitini.

"Mukhuta?"

"Ayiii, Sinsang!"

Ankathira mpaka kupanga kaphiri pamwamba. "Nanga apa?"

"Ukwati umenewo, Sinsang!"

Kenako ankadutsitsa kamtengo kaja pakamwa pa chitini, kaphiri konse n'kugwera patebulo. "Liwu lathu ndi limeneli. Sufa ndi njala, koma suitananso mlendo. Lembani."

Ndikukuuzani zimenezi kuti pasapezeke munthu wonena kuti achimwene anaphonya tanthauzo. Kulemera kwa liwu limenelo ankakudziwa kuposa wina aliyense m'tauni muno. Ndi lomwe ankalemba kunsi kwa chimangirizo chikawasangalatsa, moti ana anawapatsa dzina loti Chitini. Koma makolo a anawo akabwera kusukulu, ha, mkamwa mwa Chitini munkatuluka uchi wokhawokha.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anamwalira pamene mwana wawo wamkazi, Wai Sum, anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndinali ndisanakwatiwe, ndipo sindinakwatiwe mpaka lero, chifukwa chake musandifunse. Ndinanyamula sutikesi yanga kukakhala nawo. M'mawa tinkapita tonse atatu kusukulu, iwo m'kalasi, mwana m'kalasi, ine mu ofesi momwe ndinkagwira ntchito yotayipa.

Wai Sum uja Chingerezi ankangochimwa ngati madzi. Poyanika zovala ankayankhula ndi wailesi, kuitsutsa, kuiseka. Atafika zaka khumi ndi zisanu ankakangana ndi bambo ake patebulo m'Chingerezi chokhachokha, ine n'kumangotembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku.

"Mukundijeda eti?" ndinkawafunsa.

"Ayi azakhali, tikutama nsomba yanu," iye ankatero, maso akuseka.

Akawagonjetsa pa mtsutso, achimwene ankakweza nyuzipepala kubisa nkhope, koma ine wokhala kumbali ndinkawaona akumwetulira. Tsiku lina mwana atapita kukagula shuga anatsitsa nyuzipepala ija.

"Ah Har, chiyambireni ntchitoyi sindinaphunzitsepo mwana ngati uyu."

"Ndiye mumuuzetu."

"Wapenga? Ndipo usamuuze. Angatupe mutu."

Mu 1987 Wai Sum anamaliza sukulu. Setifiketi ya sukulu yathu sinkatsegula chitseko cha yunivesite ya boma, ndipo malipiro a mphunzitsi sakanafikitsa munthu ngakhale pabwalo la ndege. Khomo linalipo limodzi lokha. Bungwe lina la ku Kuala Lumpur linkatumiza ana ku England kukaphunzira udokotala, ndipo chaka chimenecho linapatsa sukulu yathu malo amodzi. Ofuna malowo anali awiri, Wai Sum ndi Lai Kuen, mwana wa a Foong ogulitsa golide. Mamalikisi awo anali ofanana. Lai Kuen sindimunena choipa, anali mtsikana wakhama, koma bambo ake akanatha kumutumiza okha popanda kugulitsa ngakhale mphete imodzi. A bungwe aja anafuna kalata yaumboni ya mwana aliyense kuchokera kwa mphunzitsi wake wa Chingerezi, ndipo wophunzitsa kalasi yotsiriza analipo mmodzi yekha.

Linali Lachitatu masana, kunja kukutentha, fani ya mu ofesi ikungolira popanda mphepo. Achimwene analowa n'kuika mapepala awiri pafupi ndi makina anga otayipira. Ya Lai Kuen inali tsamba lathunthu ndi theka. Ya Wai Sum inali mizere itatu. Chingerezi changa n'chamanja chabe, ndimatayipa zimene sindikumva, koma liwu la chitini lija ndinaliona lili pamzere wachiwiri.

"Achimwene, tsamba lina la kalata iyi lili kuti?"

"Yatha choncho."

"Yatha? Mwana wa eni mwamulembera nyimbo yonse, wanu mwamupatsa chitini chosalaza?"

"Chepetsa mawu, pali anthu panja."

"Amve! Si inu nomwe munandiuza kuti simunaphunzitsepo mwana ngati iyeyu?"

"Ndinauza iwe, m'nyumba mwanga. Ukufuna ndikalembe papepala, ndidinde chidindo cha sukulu, kuti mwana wa Mak ndi katswiri, wolemba Mak yemweyo? Tauni yonse inene kuti Chitini wakweza mwana wake? A Foong ndidzawayang'ana ndi nkhope iti?"

"Nkhope imadyedwa?"

"Tamvera, Ah Har. A bungwe aja aona mayina. Pamwamba Mak, pansi Mak. Munthu aliyense woleredwa bwino akaona bambo walemba chonchi za mwana wake, adziwa yekha kuti mwanayo ndi golide. Ndikamutama ndiye amukayikira."

"Nanga akakawerenga mzungu?"

"Mzungu naye ali ndi makolo," anatero, n'kutuluka.

Tsono apa ndi pamene ndimadzida ndekha. Achimwene ankasayina chilichonse chimene ndatayipa osachiwerenga, poti m'zaka zonsezo sindinaphonyepo chilembo. Ndinali ndi makalata onse awiri pamaso panga. Ndikanangotenga ziganizo za Lai Kuen n'kuziikanso m'kalata ya Wai Sum, kusintha dzina lokha, palibe akanadziwa. Ndinaika pepala m'makina, ndinakhala ndikuliyang'ana mpaka belu lowerukira linalira. Kenako ndinatayipa mizere itatu ija. Mlongo wamng'ono sakonza zolemba za achimwene ake, ndi mmene anatilerera. Komanso, ndinene zoona, mbali ina ya mtima wanga inkati mwina akunena zoona, poti iwo ndi ophunzira, ine ndine wongogogoda makina.

Atsikana onse awiri anaitanidwa ku Kuala Lumpur kukafunsidwa mafunso. Ndinamusokera Wai Sum bulauzi yoyera ya kolala yozungulira, ndinamuperekeza kusiteshoni ya sitima. Anabwerako tsiku lotsatira chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Achimwene anali pakhonde akuthirira maluwa awo a m'miphika. Mwana anaima pageti, chikwama chili m'manja, ndipo anawayankhula m'Chitchaina. Pomwepo ndinadziwa kuti zavuta.

"Ababa, m'kalata muja munalemba chiyani?"

"Zimene bambo amalemba."

"Mayi wachizungu wa kumeneko wandiwerengera. Yonse. Sinatenge nthawi. Kenako wandifunsa kuti, wolemba uyu ndi bambo ako? Ndati inde. Wati, ngati bambo ako omwe alibe chonena choposa apa, ife amene sitikudziwa tinene chiyani?"

"Anthu opanda mwambo," achimwene anatero, madzi akusefukira mumphika wa maluwa. "Iweyo sunawafotokozere?"

"Ndikanafotokoza chiyani? Kuti bambo anga ananama? Kapena kuti ine ndine wanzeru kuposa mmene iwo akunenera?"

Sakanatha kunena zimenezo, abale, poti nayenso anali mwana wa m'nyumba yomweyo. Anangokhala chete pamaso pa mzungu uja, mutu pansi, monga tinamuphunzitsira. Madzulo amenewo ndinaphika nkhuku. Achimwene anatenga mwendo n'kuuika m'mbale ya mwana. Iye anautola ndi timitengo take n'kuubwezera pambale yaikulu, ndipo unakhala pomwepo mpaka ndinachotsa mbale.

Malo anapita kwa Lai Kuen. A Foong ndi akazi awo anabwera kudzathokoza, antchito awiri atanyamula nkhumba yowotcha yathunthu pathabwa lofiira. Achimwene anavala malaya oyera kuwalandira, ndipo Wai Sum ndi amene anathira tiyi, manja awiri, monga zimayenera. Ine nkhumba imeneyo sindinailawe. Ndinagawira anthu a mumzere wathu wonse mpaka agalu.

Patatha miyezi iwiri Wai Sum anakwera basi ya ku Singapore pamodzi ndi atsikana ena a kuno, kukagwira ntchito kufakitale yopanga zida za m'mawailesi akanema. Zaka zoyambirira ankabwera pa Chaka Chatsopano ndi malalanje ndi malaya a bambo ake. Ulemu wonse ankaupereka. "Ababa, idyani. Ababa, imwani tiyi." Koma liwu la Chingerezi m'nyumba muja silinatulukenso pakamwa pake. Achimwene ankamuyamba dala, kumufunsa kanthu m'Chingerezi, iye n'kuyankha m'Chitchaina mwaulemu, ngati akuyankha kalaliki wa ku banki. Kenako anakwatiwa ndi mwamuna wa kufakitale komweko, anayamba kudumphitsa chaka, kenako zaka ziwiri, kenako anasiyiratu. Lamya ankaimbira ine, nthawi imene akudziwa kuti bambo ake apita kukamwa khofi.

Mukuganiza kuti achimwene anavomera kuti analakwa? Ng'oo! Ndikaiyamba nkhaniyo ankati wolakwa ndi mzungu uja, wosamva zinthu zimene mwana wa zaka zisanu amamva. Ine ndinkati, "Mwaphunzitsa chilankhulo cha anthu amenewo moyo wanu wonse, koma eni akewo simunawadziwe." Akamva zimenezo ankatenga ambulera n'kutuluka, ngakhale kulibe mvula. Anapuma pantchito mu 1995. Anapatsidwa wotchi, ndipo pamwambowo anthu anayankhula mpaka chakudya chinazizira. Mwana wawo sanabwere, ndipo achimwene atafunsidwa anati, "Aa, uja ndi waulesi, ulendo umamukulira."

Mu 2009 anadwala matenda ofa ziwalo. Mbali yamanzere yonse inagwa, pakamwa panapotoka, koma dzanja lamanja ndi mutu zinatsala. Atatuluka m'chipatala anandiuza kuti ndiwagulire mapepala a mizere. Milungu iwiri yathunthu m'mawa uliwonse ankalemba, kung'amba, kulembanso, dovu likudontha pamapepala, ine n'kumawapukuta. Tsiku lina anandiitana n'kundipatsa masamba anayi.

"Tayipa."

Ndinayang'ana pamwamba. Inali kalata yopita ku bungwe lija la ku Kuala Lumpur, ndipo dzina la Wai Sum linali pamzere woyamba.

"Achimwene, bungwe limeneli linatha kalekale. Mzungu uja mwina anafa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ikupita kuti?"

"Iwe sudziwa kumene mabasi amaima?"

Ndinkafuna kuwatema nayo kumaso, zoona. Zaka makumi awiri ndi ziwiri! Madzi akatayika saoleka. Koma ndinawayang'ana, munthu amene ankaopedwa ndi sukulu yonse atangotsala mafupa pampando wa nsungwi, ndipo mtima unandiwawa. Ndinafukula makina anga akale pansi pa bedi, ndinayenda masitolo atatu kufuna riboni, ndinatayipa masamba onse anayi popanda kuphonya. Anaiwerenga kawiri asanasayine. Kanali koyamba kuwerenga chinthu chimene ndatayipa.

Ndinapempha mkazi wa nyumba yoyandikana nafe kuti aziwayang'anira, ine n'kukwera basi ya m'mamawa yopita ku Singapore. Miyendo inatupa ngati mitsamiro ndisanafike. Wai Sum ndinakumana naye pamalo odyera a pansi pa nyumba yosanja imene ankakhala. Anali ndi zaka makumi anayi, imvi zitayamba m'mbali, atavala yunifolomu yabuluu ya woyang'anira anzake pantchito. Anandigulira phala la mpunga la nsomba. Ine ndinamupatsa envelopu.

Anawerenga mwakachetechete. Atafika tsamba lachiwiri anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Akuti chiyani?" ndinamufunsa. "Ine ndangogogoda."

"Akuti ndili ndi zaka khumi ndinalemba chimangirizo cha manja a mayi anga, ndipo anachisunga mpaka lero. Akuti ana opitirira zikwi zitatu anadutsa m'manja mwawo, koma woyamba pa onsewo ndine. Akuti kalata yoyamba ija inali ya munthu wamantha amene ankasamala nkhope yake."

"Analemba choncho? Iwowo?"

"Choncho." Anaseka misozi ikutsika. "Koma azakhali, taonani pamwambapa. Ngakhale pano alembera anthu ena, osati ine."

"Ndi pamene athera, mwanangu. Ukuwadziwa bambo ako."

Anapinda kalata ija bwinobwino. Kenako anandiyang'ana m'maso. "Yoyamba ija munatayipa ndinu?"

"Ndine."

"Liwu lija munkalidziwa?"

"Ndinkalidziwa."

Iye anangosuntha mbale yanga kuiyandikitsa kwa ine, n'kunena kuti phala likuzizira. Ndikanakonda akananditukwana. M'mawa mwake anapita kukapempha tchuthi cha sabata imodzi, ndipo Loweruka tinakwera basi limodzi kubwerera ku Ipoh.

Tinafika masana. Achimwene anali ataitanitsa wometa kuti awamete ndevu, atavala malaya oyera ositidwa, atakhala pampando wawo moyang'ana kukhomo. Wai Sum anavula nsapato, anaika chikwama pafupi ndi chitseko.

"Ababa, mwadya?"

"Ndadya. Wafika."

"Ndafika."

Anakoka kampando n'kukhala pafupi nawo. Patebulo panali nyumwa lalikulu limene ndinagula ndisanapite. Analitenga, anayamba kulisenda, kuchotsa timakungu ta mkati, kumawapatsa pang'onopang'ono m'dzanja lawo lamoyo lija. Kenako ndinamva akunena kanthu m'Chingerezi. Kachiganizo kafupi, motsitsa mawu. Achimwene anayankha, lilime likulemera, iye n'kuwatsutsa, iwo n'kuseka ndi theka la pakamwa. Mayo ine! Ndinathawira kukhitchini, ndinaika mpunga pamoto ndikulira ngati mwana, ndinayamba kuduladula adyo amene sindinkamufuna.

Ndili mkati modula ndinamva geti ikulira. Anali mayi Foong, amake a Lai Kuen, amene tsopano anali amasiye. Chidwalireni achimwene ankabwera Loweruka lililonse ndi bokosi la mabisiketi, ndipo ine mutu wanga wa nkhukuwu ndinali nditaiwala kuti ndi Loweruka. Sanali munthu woipa mayi uja. Anangobwera pa tsiku lake.

"Iii, Wai Sum! Ndiwe? Tabwera ndikuone!" Anamugwira manja onse awiri, anakhala pansi, ine n'kubweretsa tiyi. Achimwene anafunsa za Lai Kuen, monga zimayenera.

"Aa, musandikumbutse za ameneyo, Sinsang," anatero mayi Foong akukupiza dzanja. "Ati amukweza, ndi mkulu wa madokotala ku England kuja. Phindu lake n'chiyani? Mwana wachabechabe, zaka zitatu osaponda kuno, ndidzaikidwa ndi antchito ine. Mwana ndi wanuyu, wasiya ntchito kudzasendera bambo ake zipatso. Ndipotu kusukulu kuja tonse tinkadziwa, wanzeru weniweni anali wanuyu. Wanga uja ankangotsatira m'mbuyo."

Ndinaima ndi ketulo m'manja. Wai Sum anasiya kusenda, maso ali pa bambo ake. Mayi uja anali atawatsegulira chitseko chonse, chongofunika chinali kulowa. Ndinawaona achimwene akukonza pakamwa, ndinapemphera kwa makolo athu onse.

"Aa, mayi Foong, musamunamize," anatero, mawu akumveka bwino kuposa tsiku lina lililonse chidwalireni. "Uyu? Wa kufakitale uyu, amangolumikiza mawaya. Nzeru zinali kwa wanu uja."

Mayi Foong anaseka, anati ayi ayi, iwo anati inde inde, monga amachitira anthu a ulemu wawo. Wai Sum anaika chipatso chija pambale. Analowa kukhitchini, ndinamva madzi akutuluka pampopi, akusamba m'manja. Anatuluka, anawerama pang'ono kwa mlendo. "Azakhali a Foong, khalani, imwani tiyi." Anavala nsapato, ananyamula chikwama chake chimene chinali chisanatsegulidwe n'komwe.

Ndinamupeza pageti, ndinamugwira mkono. "Mwanangu, ndi pakamwa chabe, ukudziwa zimene zili mumtima mwawo, waziwerenga wekha."

"Ndikudziwa, azakhali. Ndakhala ndikudziwa kuyambira ndili mwana. Ndatopa ndi kudziwa." Anatulutsa envelopu ija m'chikwama n'kuiika m'dzanja langa. "Iyi mukawawerengere a Foong. Ndi amene ankafunika kuimva. Ndisiyeni, basi ya folo koloko ingandisiye."

Ndinamusiya. Ndinalibe ufulu womuletsa.

Mlendo atapita, achimwene anayang'ana kukhomo, anayang'ana ine.

"Wapita kukagula chiyani?"

"Wapita kwawo."

"Kwawo?" Dzanja lawo linafufuza pamkono wa mpando. "Ndalakwa chiyani? Panali mlendo, Ah Har. Unkafuna ndinene chiyani pamaso pa mlendo?"

"Mukanangoti inde!" Ndinafuula mpaka mkazi wa nyumba inayo anasuzumira pawindo. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawakalipirepo choncho. "Inde basi! Kapena mukanangotseka pakamwa panupo!"

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pamsika. Kenako misozi inayamba kutsika mbali imodzi yokha ya nkhope, ndipo anafunsanso, motsitsa mawu, kuti, "Koma panali mlendo?"

Anakhala ndi moyo miyezi ina isanu, ndipo funso limenelo ankandifunsa pafupifupi tsiku lililonse. Ndinkaimba lamya ku Singapore, inkangolira. Atamwalira, nkhata za maluwa za ana awo a sukulu zinadzaza msewu wonse mpaka magalimoto ankasowa podutsa. Kumaliroko Wai Sum anangotuma mwamuna wake.